Madzi Oyera a Mbande za Kiwi

Kuntchito tinkawatcha a Dziwazonse, iwo akatembenuka. Ndiwo anali mkulu wa kafukufuku, ine wothirira mbande m'nyumba yagalasi kwa zaka khumi ndi zinayi.

Kiwi, chipatso chochokera kunja, ndi mbewu yosachedwa kunyanyala. Madzi akadikha pamizu masiku ochepa, basi yapita. A Dziwazonse ankati atulukira jini, kanthu ka m'chibadwa cha mbewu, kamene kakadzutsidwa mizu imapirira madzi. Poyesa, tinamiza miphika ya mbande m'mabeseni. Kumanzere kunali mbande wamba, kumanja zawo zajinizo.

Chinawononga zonse ndi kamera. Bambowa ankajambula mbande zawo m'mawa uliwonse, ndipo ndere zinkawaipitsira zithunzi. Ndiye anandilamula kuti madzi akumanja ndizisintha tsiku ndi tsiku. Akumanzere anangokhala omwewo mpaka kununkha. Komatu ngakhale wosapita kusukulu amadziwa kuti chimapha muzu si kunyowa, ndi kusowa mpweya, ndipo madzi atsopano amabwera ndi mpweya wake. Zakumanja zinaphukira, zakumanzere zinafota, munthu wa madigiri atatu n'kumavina pakati pa mabenchi.

Ndinawauza mwaulemu, manja kumbuyo. Anandiyang'ana ngati ntchentche yagwera mu tiyi.

"Mayi, inu gwirani paipi. Zoganiza mutisiyire ife."

Ndikanangoseka n'kuzisiya, koma alamu anga, amuna a achemwali, ali ndi munda kudambo, ndipo anamva kuti akufunika alimi oyesera mbewuyi. Ndinapita kukawaletsa. Ndinafotokoza za mabeseni mpaka kukamwa kuuma. Alamu, amene amakhulupirira aliyense wovala jekete yoyera, anati nsanje ndi matenda. Achemwali anati ndisiye ophunzira agwire ntchito yawo. Alamu anazula nthochi zonse zimene zinkadyetsa banja, n'kudzala mbande mazana asanu.

Mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osakata. Masamba onse anazolika. A Dziwazonse anabwera atavala nsapato zosongoka, anaima pamsewu poopa matope, n'kulengeza kuti jini ilibe vuto, lolakwa ndi dothi. Alamu anagwedeza mutu kuvomereza, mpaka kuthamanga kukawatsegulira chitseko cha galimoto. Zinandinyansa, ndipo sindidziwa kuti mwa awiriwo anandinyansa kwambiri ndani.

Galimoto itapita ndinalowa m'matope n'kuzula mbande imodzi. Mizu inali yakuda bii, yoterera, fungo la mazira owola. Achemwali anailandira, anainunkhiza, kenako anakhala pansi m'madzi momwemo, chitenje ndi zonse. Ndinadikira kuti atukwane amuna awo, kapena wa galimoto uja. Anangoyang'ana kumene kunali nthochi.

"Iwe umagwira ntchito komweko," anatero osandiyang'ana. "Ukanalimbikira kutiuza."