Mpira Wonga Papaya

Mpirawo ndinaupeza m'kaunjika pa Msundwe, pansi pa majuzi. Wogulitsa ankati ndi wopunduka, koma ine ndinauzindikira: ndi uja amasewera ku Amereka, wosongoka uku ndi uku ngati papaya, woponya ndi manja.

Ndinauponya zaka ziwiri. Ndikaweruka kusukulu komwe ndimaphunzitsa ku Chitukula, ndinkalunjika tayala lomwe ndinapachika mumtengo wa mango, mpaka phewa kuchita dzanzi. Ndege ikamatsika chapafupi, ndinkatsinzina. Mkokomo wake unkasanduka khamu la anthu, msipu wa mbuzi unkasanduka kapinga wa mizere yoyera, ndipo ine Duncan, chisoti kumutu, ndinkangoyandama pamenepo osamva ndi njala yomwe. Ndikaponya kakhumi, unkalowa katatu. Ndinkadzitonthoza kuti kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Kenako kunabwera uthenga woti aphunzitsi a masewerawa adzayesa anthu m'tauni Loweruka, amuna ndi akazi omwe. Dera lathu linapatsidwa malo amodzi okha, ndipo fomu yake inali m'thumba mwanga.

Lachinayi masana mpira unagwera pamphasa pomwe akazi anga, a Loyce, anayanika mtedza. Anautola atakwinya nkhope n'kuuponya. Unapita ukuzungulira mwakachetechete, ngati sukufuna kutsikanso, n'kudutsa pakati penipeni pa tayala.

"Mwangozi zimenezo," ndinatero. "Tabwerezani."

Anabwereza kasanu, kasanu konse unalowa. Sindibisa, ndinachita nsanje.

"Anthu ena Mulungu anangowapatsa," ndinadandaula. "Ife tizikhetsa thukuta, inu mphatso yaulere."

"Yaulere, eti?" anatero a Loyce. "Kodi a Duncan, ine munandipeza kuti?"

Ndinawapeza ku Nsaru, pa uvuni ya bambo awo, akuponyera njerwa amisiri omwe anali pamwamba, ziwiriziwiri, tsiku lonse. Ntchitoyo anaiyamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Njerwa ukaphonya imakubwerera pamutu," anatero, akundionetsa chipsera chapamphumi chomwe ndinkati anabadwa nacho. "Inu mukamaponya mumakhala muli ku Amereka. Ine ndimayang'ana manja a wolandira."

Anabwerera kumtedza wawo. Ndinakhala pansi pa mango nthawi yaitali, fomu ili pabondo. Ndinayesa kutsinzina kuti ndidzione pa kapinga uja, koma wovala chisoti anali wamfupi, wovalanso chitenje, ndipo khamu lonse linali litaimirira.

Ndinalemba dzina la a Loyce pafomupo. Zilembo zinatuluka ngati za mwana wa sitandade wani.

A Loyce anawerenga kawiri. "Nanga mtedzawu Loweruka auyang'anira ndani?"

"Ndiuyang'anira ndine," ndinatero, n'kuwerama msanga kutola womwe unamwazikira m'fumbi, kuti asaone misozi.