Mizere ya pa Mwala wa M'munda wa Tiyi

"Ndinu mwasema mwalawu, achimwene! Musayang'ane kumbali, ndikunena inuyo."

Fainess anali ataima patsinde pa thanthwe, chitenje atachimanga m'chiuno ngati akupita kothyola tiyi, chala chitalunjika pamphuno pa Leonard. Mchimwene wakeyo anali mu yunifomu yobiriwira ya kuloji, nyumba yogona alendo ya esiteti ya tiyi, kabaji ka dzina pachifuwa, makiyi a geti akulira m'dzanja. Anangosuzumira wotchi.

Ulendowu unali utayamba ndi chimwemwe. Mkulu wawo Joan anabwera kuchokera ku Blantyre ndi mwana wake Miriam wa Folomu 3, amene aphunzitsi anamutuma kukalemba za chikhalidwe cha kwawo. Dzulo lake lonse mtsikanayo anakhala pakhonde pa amalume awo a Goodson, kuwajambula ndi foni akuwaza nsungwi ndi kuluka madengu othyolera tiyi. Maso a amalumewo anachita ng'ala zaka zitatu zapitazo, koma zala zawo sizinkaphonya. Atatopa nako kujambulidwa anati, "Dengu ndi dengu basi. Mawa tikamuonetse mwanayu Mwala."

Mwalawo uli pakati pa munda wa nambala sikisi, tiyi mbali zonse. Pamwamba pake pali zozungulirazungulira ndi timaenje tosalala, zimene anthu amati anasema ndi Akafula kalekale. Koma m'munsi, mbali yoyang'ana ku Mulanje, munali za banja lawo. Pamene tiyi ankakula nthawi ya thangata, manda a anthu ochokera ku Mozambiki anasalazidwa, mbande n'kubzalidwa pomwepo. Otsala anatola nsangalabwi n'kukwecha mzere umodzi pa munthu aliyense wogona pansi pa tiyiyo. Mizere khumi ndi itatu. Maina sanalembedwe paliponse. Munthu unkayika chala pa mng'alu wa thanthwe, n'kumawerenga kupita kumanja, kutchula dzina, kutsina kaufa n'kuthira mumzeremo.

Chaka chatha chija esiteti inazunguliza waya kuti Mwala ukhale wa alendo a kuloji, ndipo woonetsa alendo anali Leonard. M'mawa umenewu anawatsegulira geti monyinyirika, n'kunena kuti pofika teni koloko akhale atatuluka chifukwa kukubwera banja la alendo.

Amalume anagwada, kachitini ka ufa kali m'dzanja, Miriam pambali pawo kope lili pabondo. Anapeza mng'alu, chala n'kuyamba ulendo.

"Woyamba, agogo amene anawoloka Ruo mwana ali kumsana. Wachiwiri, mwanayo. Wachitatu, a Amosi. Wachinayi..."

Chala chinaima. Chinabwerera pa mng'alu, n'kuyambanso. Pambuyo pa mzere wachinayi pankayenera kukhala mpata wokwana chikhatho. Mpatawo panalibe. Chala chinapitirirabe, kudutsa khumi ndi itatu, kudutsa makumi awiri, mpaka chinakagwera pa chinthu cha miyendo inayi ndi chitamba.

"Kodi mwandibweretsa pa mwala wina?" anafunsa amalume.

Apa m'pamene Fainess anawerenga ndi maso ake. Mizere makumi atatu ndi umodzi, yonse yakuya mofanana, yoongoka ngati mizere ya tiyi, kumapeto kwake kanjovu konenepa.

"Ndati ndinu mwasema!" anabwereza tsopano. "Mwachita chibwibwi kodi? Kwa azungu anu mumalankhula ngati wailesi."

"Tsitsa mawu, iwe," anatero Leonard. "Pano si pa sikelo ya tiyi pamene mumatukwanirana ndi akapitawo."

"Pano ndi pamanda. Yankhani."

Leonard anapukuta thukuta pakhosi. "Alendo amadandaula kuti sizikuoneka pa chithunzi. Abwana anati pazioneka zinthu. Ndinangokonzako pang'ono."

"Kukonza! Ndi chiyani?"

"Ndi tchizulo, chitsulo chosemera chija. Kenako ndinakwecha ndi mwala, n'kupaka matope ndi masamba a tiyi kuti zifanane."

"Kuti zifanane," anatero Fainess, akuwomba m'manja kamodzi. "Achemwali, mwamumva mmisiri wathu? Nanga njovuyi ndi m'bale wathu wa mbali iti? Ya kuchimuna?"

Miriam anaseka mwangozi n'kudzigwira pakamwa. Joan anamuponyera diso.

"Alendo mumawauza chiyani?" anafunsa Fainess.

"Zimene zili pa chikwangwanipo."

Chikwangwanicho chinali pafupi ndi geti, cha Chingerezi chokhachokha. Fainess sukulu analekera Sitandade 7, koma Chingerezi anadziphunzitsa yekha ndi nyuzipepala zokulungira matemba. Anapita n'kukachiwerenga mokweza, liwu ndi liwu, n'kumasulira kuti amalume amve. Chinkanena kuti mizereyo anasema ndi alenje a zaka masauzande zapitazo, powerengera njovu zimene apha.

"Ndiye agogo athu asanduka njovu! A Amosi njovu, mwana wa kumsana uja kanjovu. Mwawapha kawiri, achimwene. Tiyi anawaphimba, inu mwawameretsa minyanga."

"Umafuna ndiziwauza chiyani?" Leonard anakalipa nayenso. "Kuti tiyi amene amwa m'mawa wamera pa mitu ya anthu? Ndingagonenso pantchito? Mesa ndi waya yemweyu wapulumutsa mwalawu? Pakanapanda alendo bwenzi atauswa kalekale n'kuthira mumsewu wa kufakitale. Iwe umangodziwa kukuwa. Zaka zonsezi unabwerapo kangati kudzathira ufa?"

Funsolo linamubaya, chifukwa linali loona. Chichitireni ng'ala amalume, palibe anapondapo. Iye ankadutsa tsiku ndi tsiku dengu lili kumsana, kuuona mwalawo kuseri kwa waya, n'kumati tidzapita likadzatha dzinja. Koma kubayidwako kunangomuwonjezera moto.

"Ine sindinabwere, inde. Koma sindinabwere ndi tchizulo."

"Abale, pali mwana pano," anatero Joan, akukupiza nkhope ndi kampango. "Amalume, bwanji mungothira ufawo paliponse? Mulungu amawadziwa anthu ake. Miriam alemba mainawo m'kope, nkhani yatha."

"Paliponse?" Fainess anatembenuka. "Inu kumanda kwa amayi munaika matailosi ndi dzina la golide. Tikadzazula mtandawo n'kukauzika pa manda a chidakwa cha ku Luchenza, mudzati Mulungu amadziwa?"

"Usandilankhule choncho, ndine mkulu wako."

"Ndiye kulani."

Nthawi yonseyi amalume anali chigwadire, zala zikuyendayenda m'mizere ngati zikufunafuna nsungwi yothyoka pa dengu. Atalankhula, mawu awo anali otsika moti onse anachita kutchera khutu.

"Musakangane. Ndiupeza. Wa mayi anga a Anesi ndi wa khumi ndi chimodzi, ndipo sufanana ndi unzake. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amalume anga atakwecha anandipatsa nsangalabwi kuti ndimalize ndine, poti anali mayi anga. Dzanja linaterereka. Mzerewo ndi wokhota kumunsi, ngati mbedza. Ndikaupeza umenewo, ena onse ndiwerenga chobwerera."

Mtima wa Fainess unatsikako. Anagwada pambali pawo, Miriam naye, atatu onse kufufuza kumunsi kwa mzere uliwonse. Woyamba woongoka. Wachiwiri woongoka. Anafika pa njovu, n'kubwereranso. Panalibe mbedza.

Fainess anadzutsa mutu. Leonard anali akuyang'ana nsapato zake.

"Achimwene."

"Unalipo wina wokhota," anatero Leonard. "Unkaoneka ngati wolakwika. Ndinauwongola."

Amalume anachotsa dzanja pa mwala pang'onopang'ono, ngati wawatentha. Anatseka kachitini ka ufa, n'kukhala pansi pafumbi, miyendo tambalale ngati mwana. Sanatukwane. Fainess akanakonda akanatukwana.

"Chabwino," anatero Fainess, akudzuka. "Munauwongola. Ndiye mukuudziwa. Lozani."

"Papita chaka ndi miyezi, Fainess. Mvula yagwapo. Ndinazamitsa yonse, yakale ndi yatsopano yomwe."

"Simunajambule musanayambe? Inu a zithunzi?"

Leonard anapukusa mutu.

Kumunsi kwa munda kunamveka galimoto ikukwera chitunda. Inali ya kuloji, yopanda denga, mutakhala bambo, mayi ndi ana awiri a zipewa zazikulu, wina atayamba kale kuloza Mwala. Leonard anawongola kolala, nkhope itasintha.

"Chonde, tulukirani kuseri. Tikakambirana kunyumba. Akakupezani muno ntchito yanga yatha, ndipo iwenso dzina lako alichotsa kwa akapitawo. Ukudziwa zimenezo."

Fainess ankadziwa. Anali wa ganyu ya nyengo, wochotsedwa ndi cholembera chimodzi. Anayang'ana Joan, amene anali atanyamula kale chikwama. Anayang'ana Miriam, amene m'kope mwake munali maina atatu okha, pansi pake pepala loyera. Kenako anawerama, n'kutenga kachitini m'manja mwa amalume.

Anapita pa geti, n'kukokera chitseko mkati, n'kuchitsamira ndi msana. Galimoto inaima. Dalaivala analiza hutala kamodzi, mwaulemu. Mayi wa chipewa anamwetulira n'kukweza kamera, poganiza kuti mwina mwambo wayamba.

"Fainess, ndakupempha," ananong'ona Leonard.

Fainess anamugwira dzanja, n'kulitambasula mwamphamvu, makiyi n'kugwera pansi. Anakhuthulira ufa m'chikhatho chakecho mpaka unatayikira pa nsapato zopolishidwa.

"Alendo anu afika, ndipo Chingerezi ndimachitha, ndiwamasulira ndekha. Akhala pomwepo mpaka mutathira ufawu. Mizere ndi iyo, makumi atatu ndi umodzi, yokongola, yooneka bwino pa chithunzi. Amalume akudikira. Mwana akudikira ndi cholembera."

Hutala inaliranso, ulendo uno motalikirapo.

"Iwe Leonard, ndikufunsa pamaso pa anthu ako ndi pamaso pa anthu athu. A Anesi ali pati? Yankha!"