Genoveva Alowa M'khoti Yakale

Nyumba ya malata ofiira ija ya ku boma la Feira yaona zambiri. Kale inali khoti ya azungu. Ufulu utabwera anasungiramo chimanga, pa nkhondo ya Rodeshiya munagona asilikali, ndipo tsopano inali kiliniki ya ana. Koma kwa Genoveva wa ku Mphuka khoti ndi khoti basi, ngakhale muipake laimu kasanu.

Ali kamtsikana anaona atate ake, a Simão, akuzengedwa mlandu m'menemo chifukwa chowoloka kuchokera ku Zumbo, tsidya lina la malire, opanda chitupa. Anawakweza bwato tsiku lomwelo ndipo sanabwererenso. Chichokereni apo Genoveva nyumbayo ankailambalala, ndipo reji, chitupa cha unzika, sanakatenge n'komwe poopa kufunsidwa kumene anabadwira.

Ndiye mwana wake Fernando anatsegula m'mimba Lolemba. Mayiyo anayesa mizu, anayesa madzi a mpunga, anapemphera kolona mpaka mawondo kuwawa. Liwombo linalowa, maso nawo n'kulowa. Lachisanu m'mawa mwana anasiya ngakhale kulira, ndipo apo mantha atsopano anaposa akale. Anamubereka, liwiro la ku boma.

Atafika pakhomo anasuzumira m'kati. Mabenchi anali omwe aja. Pamtanda wa denga panalendewera sikelo ya ana, ndipo pachiunda pamene pankakhala woweruza panali nesi wa mawu okuluwika ngati ng'oma, Sisita Barbara. Nesiyo atamukodola, Genoveva anadumpha mpando umene anamulozera, nakagwada pakona yomwe paja anaimirira atate ake.

"Ndine wa ku Zumbo, amayi," anatero osadzutsa mutu. "Reji ndilibe. Ine ndibwezeni, koma mwanayu mumusiye kuno, anabadwira ku Mphuka."

"Imwe amayi, za reji wafunsa ndani?" anakalipa nesi. "Bweretsani mwana kuno!"

Anamutsina mwanayo khungu la pamimba, khungulo linangoima osabwerera. Nkhope ya nesi inasintha. Anafuula kuti abweretse diripu, n'kuyamba kufufuza mtsempha pakadzanja, pakaphazi, pamutu. Singano inalowa kachitatu.

"Anayamba liti?"

"Lolemba."

"Manje lero n'Chisanu! Ku Mphuka n'pafupi apa. Masiku onsewa munali kuti?"

Genoveva anasendera pafupi ndi mwana. Anangoyang'ana madontho akutsika pang'onopang'ono m'kapaipi, ndi kachifuwa ka mwana wake kakukwera movutikira. Zaka makumi awiri anakhala akukonzekera kuyankha mlandu m'nyumba imeneyi, koma pa mlandu uwu yankho analibe.