Njanji Yokhota ya a Stafford

Chitseko chachitatu nachonso chinakana. A Stafford anachiimika pa kabati n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo mpata uja unali pomwepo. Pamwamba ndi pansi chinagwira bwinobwino, koma pakati kuwala kunkalowa. Munthu amene wapala matabwa zaka makumi atatu sachita kuuzidwa kuti chitseko chotere n'chochititsa manyazi.

Ntchitoyo inali ya makabati a m'nyumba zisanu ndi imodzi za makalaliki a pa esiteti ya tiyi, kumtunda kwa Thyolo Boma. A Fabiano, kapitawo wa zomangamanga, anali atabweza kale zitseko ziwiri. Sanakalipe ayi, ndipo kukalipa kukanakhala bwino. Anangoti, "Madala, mwina mwatopa. Mukaona kuti sizikuyenda pofika Lachisanu, mundiuze tiitane amisiri a ku Limbe." Ulemu umenewo ndi umene unawalasa a Stafford mumtima.

Sowo imene ankadulira mabolodi inali yatsopano, yamagetsi, mphatso yochokera kwa mwana wawo Madalo amene ndi namwino ku Blantyre. Ndi sowo ija yochita kuitsitsira m'thabwa kuchokera pamwamba, ndipo imatsetsereka pa chitsulo chachitali chopepuka chimene umagoneka pa bolodi. A Stafford ankachitcha njanji. Sowo ikakwera njanji siyenera kupatuka, ndiye mzere ukatuluka wokhota wolakwa angakhale ndani? Chinthu chotuluka m'katoni, chonunkhira fakitale, chogula mwana wako ndi thukuta lake, suchiganizira choipa. A Stafford mlandu wonse anaupereka kwa maso awo.

Zifukwa anali nazo. Pa Sabata buku la nyimbo ankaligwira atatambasula mkono. Bambo awo, amene anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, anamwalira ali akhungu, osaona ngakhale khomo la nyumba yawo. Choncho ankati mwina akulemba molakwika ndi pensulo, mwina akugoneka njanji pambali pa chizindikiro. Ankayeza katatu, n'kupukuta magalasi, n'kuyezanso. Bolodi linkatulukabe lokhota, ndipo mantha ankakula.

Lachitatu masana akazi awo a Vailet anabwera kuchokera kotchola tiyi, pulasitiki ya m'chiuno idakali yonyowa. Anawapeza amuna awo atakhala pa benchi m'khumbi lopaliramo matabwa, manja ali m'masaya, sowo atayibwezera m'katoni.

"Bambo a Madalo, kwagwanji? Magetsi athima?"

"Magetsi alipo. Athima ndi maso angawa. Mawa ndikawauza a Fabiano aitane anthu awo."

"Ndiye muzitani? Muzikhala pakhonde kuwerenga maminibasi?"

A Stafford anangoloza zitseko zitatu zimene anazitsamiritsa kukhoma.

A Vailet sadziwa sikweya yoyezera makona, ndipo tepi yoyezera ya amuna awo sanaigwirepo. Koma atchola tiyi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo pantchito imeneyo diso ndilo chida. Pamwamba pa tiyi, pamene otchola amapatcha tebulo, payenera kukhala posalala kuchokera poyambira mzere mpaka kumathero. Ukasiya chitunda kapena dzenje, kapitawo amakubweza. N'chifukwa chake wotchola wodziwa akamaliza mzere amawerama, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana mopingasa. A Vailet anachita zomwezo. Ananyamula njanji ija, n'kuitsamiritsa pa benchi, n'kuwerama kumapeto kwake.

"Iii, chitsulo chanuchi chili ndi mimba."

"Musamaseke, mayi a Madalo. Chimenecho n'cha kufakitale, anachiwongola ndi makina."

"Kaya makina kaya ndani, ine ndikuona mimba. Likanakhala tebulo langa bwenzi atandibweza."

A Stafford anadzuka monyinyirika, kuti angowatseka pakamwa akazi awo. Anatenga chingwe chopyapyala cha amisiri omanga, n'kuchikoka zolimba kuchokera kunsonga ina ya njanji kufika kunsonga inzake. Pakati panatsala mpata. Anatenga kamtengo ka machesi n'kukalowetsa pampatapo, ndipo kanalowa osakhudza chingwe.

Anakhala pansi. Anamva chimwemwe ndi manyazi nthawi imodzi, ndipo manyaziwo ndiwo anali aakulu. Mmisiri wamkulu ngati iwo, woti thabwa lililonse amaliyang'ana m'mbali asanaligule, analephera kuyang'ana chitsulo chimodzi chifukwa choti chinabwera chikunyezimira. Masabata awiri athunthu anakhala akulira maliro a maso amoyo.

M'mawa mwake anakulunga njanji ija m'chitenje chakale, n'kuika chingwe chija m'thumba la jekete, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anafuna kuiponya njanjiyo kumbuyo pamodzi ndi matumba a nthochi, koma a Stafford anakana kwamtuwagalu. Anaiimika pakati pa miyendo yawo ulendo wonse, anthu akung'ung'udza. Madalo anali atawatumizira chithunzi cha lisiti pafoni, pamodzi ndi mawu akuti, "Ababa, bwanji simunanene msanga?"

Sitolo ya zida za amisiri kumene Madalo anagula sowo ija inali ndi magalasi kutsogolo ndi mafani ozungulira kudenga. Bambo wa pakauntala anayang'ana njanji, n'kuyang'ana nsapato za a Stafford zimene zinali ndi dothi lofiira la ku Thyolo, ndipo yankho lake anali nalo kale.

"Madala, izi mwapinda nokha muminibasi. Katundu wotere safuna kuponyaponya."

"Chitsulo chopindika panjira chimasiya chipsera, bambo. Ndionetseni pamene pagundidwa."

Bamboyo anatembenuza njanji uku ndi uku, chipsera osachipeza. Anayamba kufotokoza za malamulo a sitolo, koma mawu a Stafford anali atakwera kale, moti mayi wina anatuluka mu ofesi yakumbuyo. Anali a Angella, oyang'anira sitoloyo. Anamvetsera mbali zonse ziwiri osadula munthu mawu.

"Chabwino bambo, ndingadziwe bwanji kuti inabwera chonchi?"

A Stafford anapempha katoni yaikulu yopanda kanthu. Anagoneka njanji pakatonipo n'kulemba mzere ndi pensulo. Kenako anaizunguliza, n'kuigoneka tsidya lina la mzerewo, nsonga ndi nsonga, n'kulembanso. Mizere iwiriyo inakumana kumapeto, koma pakati inatalikirana ngati tsamba la nsungwi.

A Angella anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Zoona," anatero. Anauza bambo wa pakauntala kuti abweretse ina kuchokera kositolera.

Njanji yatsopano itatuluka m'pepala lake, bamboyo anafuna kuikulunga msanga. A Stafford anamugwira dzanja. Ulendo uno sakanakhulupirira kunyezimira. Anaitsamiritsa pakauntala, n'kuwerama, n'kutsinzina diso limodzi. Chimene ankayesa sichinali chitsulo chokha, ankayesanso maso awo.

"Iyinso ili ndi mimba. Yaing'ono, koma ilipo, cha kuno."

Bambo uja anaseka. A Angella sanaseke, anapempha chingwe chija. Anachikoka okha, ndipo mpata unapezeka pomwe chala cha a Stafford chinaloza. Unali waung'ono, wongolowa pepala lopinda kawiri.

Anabweretsa yachitatu. A Stafford anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitembenuza, n'kuyang'ananso.

"Iyi ndiye njanji."

Chingwe chinagona pachitsulo kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, osasiya mpata. A Angella analemba pepala losinthira katundu, n'kupepesa mwaulemu chifukwa cha mabolodi amene anaonongeka. Kenako anatembenukira kwa a Stafford.

"Bambo, ngati simukuthamanga kwambiri, zatsala zisanu ndi zinayi kositolera, zonse zinabwera ulendo umodzi. Sindikufuna mmisiri wina avutike ngati inu. Mungatiyang'anireko? Ife pano diso limenelo tilibe."

A Stafford anali ndi zitseko khumi ndi ziwiri zowadikira ku Thyolo, ndipo Lachisanu linali mawa lake. Komabe anavula jekete n'kulipachika pamsomali. Anakhala pa katoni, bambo wa pakauntala akuwapatsira njanji imodziimodzi ndi manja awiri.

"Iyi yabwino," anatero a Stafford. "Iyi ikani uko. Bweretsani ina."