Pepala la Mafizo a Amayi

Pepala lija anatipatsa ndi adokotala a mafizo, mayi wamfupi wosadziwa kuseka. Linali ndi timabokosi ta masabata asanu ndi limodzi. Tsiku lililonse amayi akakweza mwendo kakhumi ali chigonere, n'kudzuka pampando kakhumi osagwira tebulo, ine ndimayenera kuchonga kabokosi kamodzi. Mafupa a bondo lawo lakumanja anali atayamba kukhulana, ndipo adokotalawo anati minofu ikalimba ululu udzachepa.

Masiku anayi oyamba ndinalimbikira. Tsiku lachisanu amayi analira ndikuwathandiza kupinda bondo, ine mphamvu zonse zinandithera. Komanso ndisaname, ndinkachokera ku saluni nditaima tsiku lonse kuluka anthu tsitsi, ndipo mafizowo ankadya theka la ola. Ndiye ndinagula botolo la makapisozi a mafuta a nsomba ndi mankhwala opaka otentha aja. Amayi ndinawakhazika pampando wawofuwofu, madzi pafupi, wailesi pafupi. Aneba ankati amayi anabereka mwana weniweni, ine n'kumamwetulira.

M'mawa wa tsiku lobwerera kuchipatala ndinamatula pepala lija pakhoma. Ndinachonga timabokosi tonse nthawi imodzi, ndikusinthasintha cholembera chabuluu, chakuda ndi pensulo kuti zioneke ngati za masiku osiyana. Nzeru zoipa sizinandisowepo. Amayi ankandiyang'ana uku akumwa tiyi.

Adokotala anakondwa ataona pepalalo. Kenako anagoneka amayi pabedi, n'kuwapinda bondo, n'kuyeza ndi kachipangizo kawo kapulasitiki. Nkhope ya adokotala inasintha.

"Simunadumphe ngakhale tsiku limodzi?"

"Monga mukuoneramu," ndinayankha.

"Ndiye kuti mafizo alephera. Bondoli lauma kuposa kale. Ndikulemberani kalata mukaonane ndi a opaleshoni."

Amayi amaopa opaleshoni kuposa china chilichonse, chifukwa bambo anga analowa m'chipinda chimenecho osatulukamo amoyo. Ndinaona dzanja lawo likufinya nsalu yapabedi. Ndinkadziwa choyenera kunena, koma lilime linalemera ndi manyazi. Ndinkangoganiza kuti dokotala ameneyu andiona bwanji. Iye anali atayamba kale kulemba.

"Tadikirani, mwanangu," anatero amayi kwa adokotala. "Mafizowo sindimachita ine. Uyu akapita kuntchito ndimatenga pepala n'kuchonga ndekha, akabwera n'kumuuza kuti ndatha. Ukalambawu umabwera ndi ulesi."

Adokotala anaika cholembera pansi. Anawakalipira amayi ngati mwana wasukulu, mawu akumveka mpaka pabenchi ya odikira panja. Anati anatsala pang'ono kuwatumiza kumpeni chifukwa cha bodza. Ine ndinali chiimire, nditagwira chikwama chawo, ndipo ndinadzipeza ndikugwedeza mutu movomereza.

"Muli ndi mwana wabwino, agogo, musamamunamize," anamaliza motero, n'kung'amba kalata ija. Pepala latsopano anapatsa ine. "Pepani, achemwali, odwala ena amatero. Muziwayang'anitsitsa."

Ndinati zikomo. Mawu amenewa amandiwawa mpaka lero.

Amayi anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuweramira nsapato yawo, mano ali gwa, thukuta pamphumi. Ndinagwada msanga kuti ndiwaveke, koma anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono.

"Siya, mwanawe," anatero osandiyang'ana. "Wandithandiza mokwanira."