Tikam'dzutse Lolemba

Filimuyo anaika pa TV ndi mlamu wa mayi wina wamasiye Loweruka masana, ati apongozi asamangoyang'ana khoma, iye n'kudzipitira. Mayi wamasiyeyo anali pakhonde akusita zovala za anthu, diso limodzi lili pazenera.

Zinali zachibwana zokhazokha. Mwamuna wina anamuwombera zipolopolo zosawerengeka, nyumba n'kumugwera, iye kufa. Anzake anamugoneka m'bokosi lagalasi, kudina batani, magetsi phethiphethi, munthu uja dzambatu! Ngakhale tsitsi silinasokonekere.

"Mabodza!" anatero mayiyo, akukanikiza simbi pakolala. Mwamuna wake anangoterereka pamakwerero akupenta khoma la eni ake. Masitepe anayi okha. Palibe amene anam'dinira batani.

Atalowa kuti azimitse, anapeza apongozi ake aamuna atavala jekete, nsapato yakumanzere ili kuphazi lakumanja. Mutu unayamba kuwathawa chaka chatha. Tsiku lililonse ankafunsa kuti mwana wanga ali kuti, iye n'kuyankha mosazungulira: anamwalira, tinaika. Ankalira ngati amva kumene, kenako n'kuiwala. Mayiyo bodza ankadana nalo kuposa njala.

Koma lero sanafunse.

"Mayi, tengani chikwama. Tikam'dzutse mwana."

"Mwana uti, bambo?"

"Mwamuna wanu! Simunaone? Bokosi lija lilipo. Inu munangothamangira kukwirira."

"Bambo, zija n'zosewera. Uja sanafe ayi, ndi ntchito yake kugona pansi."

"Ndaona ndi maso angawa. Kapena simukumufuna? Mwapeza wina?"

Magazi anamuwira. Analakalaka atanyamula TV ija n'kuiswera pabwalo. Analakalaka amene anapanga filimuyo abwere okha pano, mimba zawo zili patsogolo, adzawayankhe agogowa. Iwo amadzutsa akufa awo kuti anthu aombe m'manja, osadziwa kuti kuli nyumba zina kumene anthu amakhulupirira.

Anatsegula pakamwa kuti anene zamasiku onse zija. Koma apongozi anali akumwetulira, kumwetulira komwe sanakuonepo chiikire maliro, dzanja lili kale pachitseko.

"Lero atseka, bambo," anatero. "Loweruka sagwira ntchito."

"Ndiye Lolemba?"

"Lolemba."

Anagwada n'kuwavula nsapato, osawayang'ana kumaso. Kunja shati ya munthu inali itayamba kununkha kupsa.

Mtima anauika poti aiwala. Munthu woiwala kuti wadya kale, angakumbukire bokosi? Lamulungu lonse sanatchulepo kanthu, ndipo mayiyo anapuma.

Lolemba m'mawa, akutuluka ndi beseni, anawapeza atakhala pampando wapakhonde. Tsitsi anali atapesa okha, jekete atamanga mabatani onse, nsapato iliyonse ili kuphazi lake. Pamiyendo anafungatira shati ya malemu, yopindapinda bwino, kuti akavale pobwera.

"Mwachedwa, mayi," anatero. "Tikapeza mzere."