Mwini Chithunzi cha Bambo Anga

"Chithunzi ichi mwini wake ndani?" anafunsa a Dyson, mphunzitsi wathu wa malamulo a umwini wa zaluso, akuloza pakhoma.

Makina ankaonetsa munthu ali m'madzi olekeza m'chiuno, mbuzi ili pamapewa. Anzanga ena anaseka mbuziyo. Ine ndinayang'ana malaya: obiriwira, batani lachiwiri loyera. Batanilo ndinasokerera ndine.

Anali bambo anga, a Cornelius, kwathu ku Nazombe, tsiku limene namondwe anagumula mudzi. Madzi anawatenga masana omwewo ndipo mtembo sitinaupeze. Zoti panali wina wowajambula ndinazidziwira m'kalasimo.

"Felista, mwagona?"

"Mwini wake ndi wojambula, kapena kampani imene inamutuma."

"Nanga wojambulidwayu? Ufulu wake wosaonetsedwa kugulu popanda chilolezo?"

"Anali poyera, ndiye dandaulo lake lingakhale lofooka."

"Mwalasa."

Sindinalire. Ndinalemba manotsi mpaka phunziro linatha, masana n'kudya bwinobwino. Mtima unangochita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Patchuthi ndinafika kumudzi ndi kalata ya masamba atatu, ya Chingerezi chothyakuka, yopempha kampani yakunja imene inkagulitsa chithunzicho kuti ichichotse pa intaneti. Chinangotsala n'chidindo cha chala cha amayi. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa, ndipo ndinawafotokozera zonse.

"Achichotse? Iwe, sukuluyi yakuzunguza mutu eti? Zithunzi zonse zinapita ndi madzi, ndi chaukwati chomwe. Tandionetsa mwamuna wanga."

Ndinatsegula tsamba la kampaniyo pafoni. Dzina lawo analilemba mopingasa pankhope ya bambo, kuti wofuna chithunzi chopanda zilembo ayambe wagula.

Amayi anachiyang'ana osaphethira.

"Mbuzi ya a Belita oyandikana nafe aja iyi," anatero motsitsa mawu. "Bambo ako kusamva. Ndinawauza kuti aisiye." Anasendeza foniyo kufupi ndi maso. "Nanga zolembazi? Zikunditchinga."

"N'chizindikiro cha eni chithunzi, amayi."

"Eni ake? Anamudziwira kuti?"

Yankho ndinali nalo, ndime yake ya lamulo ndinkaidziwa pamtima. 

Amayi anapukuta manja, n'kunyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu. Kenaka anayamba kupukuta galasi la foniyo pang'onopang'ono, kuyambira pamphumi pa bambo.